Foni yatsalira mu minibasi kapena mu sitima? Nazi zochita, chimodzi chimodzi

Pa msewu wathu wa M1 uwu, kuchoka pa Dedza boma kudutsa pa Bembeke, Lizulu, Tsangano Turn-off mpaka kukafika pa Ntcheu, mafoni akutsalira m'ma minibasi ndi m'ma Sienta tsiku lililonse, ndipo ambiri sikuti abedwa ayi, amangopulumuka m'thumba. Mwakhala anayi-anayi, mwadzuka kangapo kupereka mpata kwa otsika, thumba la kabichi la eni ake lili pamiyendo panu, potsika mukulimbana ndi kondakitala za chenji, galimoto kunyamuka, kupisa m'thumba mulibe kanthu. Ndiye pomwe anthu timalakwitsa ndi mu ola loyambali. Wina athamangira kupolisi, wina abwereka foni nkuyamba kulemba pa Facebook, wina angokhala pa siteji kugwira tsaya, pomwe minibasi ija ikungotalikira ndipo mu laini muja muli ndalama za feteleza. Zochita zilipo koma zimafuna kutsata ndondomeko yake, mukayambira kumapeto mumadzitsekera nokha njira.

Zofunika kukonzeratu

Izi chitani lero foni ikadali m'manja, tsiku latsokalo simudzakhala ndi mutu woziganizira.

- Kapepala kapena kakope kolembamo zinthu zomwe zili m'munsizi. Kazikhala kunyumba kapena m'chikwama cha ndalama, osati kuseri kwa kava ya foni, chifukwa zidzapitira limodzi.
- Nambala ya IMEI, yomwe imazindikiritsa foni yanu pakati pa mafoni ena onse. Imbani *#06# ituluka yokha pa sikirini, ndi manambala 15. Foni yolowa ma laini awiri imakhala ndi ma IMEI awiri, lembani onse. Imapezekanso pa katoni ya foni, ndiye katoni ija musawapatse ana kuti apange galimoto.
- Gmail yanu ndi pasiwedi yake. Ambiri Gmail anatitsegulira ndi anyamata a pa shopu tsiku logula foni ndipo pasiwedi sitikuidziwa, kaisintheni mukhale nayo inuyo.
- Chiphaso cha unzika, chomwe munalembetsera laini.
- Kakhadi kaja munathyolamo simu, pamakhala PUK, nambala yotsegulira simu ikadzitseka.
- Risiti ya foni ngati ilipo.
- Manambala awiri kapena atatu a abale, oloweza pamtima. Anthu akuluakulu ndevu pepeya sadziwa nambala ya akazi awo, zimachititsa manyazi pa siteji.

Mu foni momwemo ikani loko ya pa sikirini, yatsani Location ndi Find My Device yosakira foni ikatayika, pano ena akuiona ndi dzina loti Find Hub, ndipo ikani PIN pa simu khadi. PIN ya simu ndi yomwe anthu amainyozera koma ndiyofunika kwambiri, chifukwa wotola foni akalephera kutsegula patani amangosolola simu nkuika mu kafoni ka mabatani, basi ma meseji anu onse ndi ma khodi ayamba kufikira kwa iye. Ingosamalani poika, mukaphonya katatu simu imadzitseka nkufuna PUK.

Sitepe 1: Pokwera, onani nambala ya galimoto

Ichi nchinthu cha masekondi ochepa koma ndicho chimasiyanitsa wopeza foni ndi wosapeza. Ma minibasi oyera alipo ambirimbiri pa M1, mukadzati "inali yoyera, dalaivala wake wakuda wonenepa" anyamata a pa depoti adzangokusekani. Werengani nambala, itumizeni pa meseji kwa wina kunyumba, ikakhala kumeneko ndiye kuti yasungika ngakhale foni itapita. Onaninso mawu olembedwa pa galasi lakumbuyo kapena pa chitseko, ma minibasi ambiri amadziwika ndi mawu amenewo kuposa nambala, ndipo mvetserani dzina lomwe oitanira akumutchula kondakitala. Pa basi yaikulu sungani tikiti mpaka mutafika kunyumba, pamakhala dzina la kampani ndipo nthawi zambiri nambala ya foni.

Chenjezo: pa msewu uno kugulitsidwa nkosayamba. Mwakwera pa Ntcheu kuti mukupita ku Lilongwe, kufika pa Dedza akuti tsikani mukwere iyo ili kutsogoloyo. Pamenepo ndi pomwe katundu wambiri amatayikira chifukwa mumatsika mothamanga mukukalipa. Werenganinso nambala ya yachiwiriyo, ndipo musanachoke mu yoyamba gwirani m'thumba.

Sitepe 2: Mwazindikira kuti palibe, imani pomwepo

Musakwere kabaza kaye. Fufuzani m'matumba onse, m'chikwama, m'jumbo ya tomato, amayi yang'anani m'chitenje chomwe mwaberekera mwana. Ndanena jumbo ya tomato dala, pa Lizulu paja munthu umagula pawindo, dzanja lina ndalama lina foni, wogulitsa akukankhira jumbo mkati galimoto ikuyenda kale, ndiye foni umangoiponya mu jumbo momwemo osazindikira. Yang'ananinso pansi pomwe munatsikira, mafoni ena amagwera pa chitseko penipeni potsika.

Kenako yang'anani nthawi. Funsani munthu kuti ili bwanji ndipo muisunge, idzakuthandizani kuwerengera pomwe galimoto yafika, ndiponso apolisi adzakufunsani.

Sitepe 3: Bwerekani foni muimbe, koma muimbe mwanzeru

Pemphani munthu wokhazikika pamalopo, ajenti wa Airtel Money kapena Mpamba, mayi wa pa golosale, osati wodutsa amene akupita kwina, chifukwa nambala imeneyo ndi yomwe wotola adzaimbirenso. "Pepani mayi, foni yanga yatsalira mu minibasi yachoka posachedwayi, ndithandizeni yanu ndiimbe, mayunitsi ndibweza." Ndipo bwezanidi.

Ikaitana osayankhidwa, mtima m'malo, nthawi zambiri ndiye kuti ili pansi pa mpando kapena yalowa pampata wa pakati pa mpando ndi chitsulo cha m'mbali, kapena yatsetserekera kumbuyo kunsi kwa matumba a mbatata ya kachewere, ndipo ndi phokoso la injini ndi wailesi palibe akuimva. Imbani kawiri katatu, dikirani kanthawi, imbaninso. Musaimbe mosalekeza chifukwa mukumaliza batire yomwe mukuifuna pa sitepe 5. Tumizaninso meseji yaifupi yomwe ingaoneke pa sikirini: "Mwatola foniyi chonde imbani nambala iyi, kangachepe kalipo."

Wina akayankha, ulemu patsogolo. "Zikomo achimwene, foni imeneyo ndi yanga, mwaipeza pati?" Musayambe ndi mawu oti wakuba, munthu amene amaganiza zobweza akangomva choncho amathimitsa. Mpempheni aipereke kwa kondakitala inu mukumva, ndipo kondakitalayo akupatseni nambala yake ndi ya galimoto.

Chenjezo lina lomwe ndi la kwathu kuno: pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu umayenda m'malire enieni, pa Lizulu tsidya lina la msewu ndi Mozambique kale, ndiye mafoni ena amadumphira pa netiweki ya Movitel kapena Vodacom, kwina netiweki imangothawa m'mapiri muja. Mukamva kuti nambala sikupezeka musafulumire kunena kuti athimitsa, dikirani pang'ono galimoto idutse dera limenelo muyesenso.

Sitepe 4: Pitani kwa anyamata a pa siteji

Oitanira aja timawada chifukwa chotikoka zikwama, koma pa nkhani iyi ndi iwo ofesi yeniyeni. Amadziwa galimoto iliyonse yomwe yadutsa, dalaivala wake, ndipo manambala ali nawo m'foni. Apatseni nambala ya galimoto kapena mawu a pa galasi aja, auzeni mpando womwe munakhala. Nenani molunjika, "mzere wachitatu kuwindo, mbali ya dalaivala", kuti kondakitala akangoima apise dzanja pamalo amodzi osati kugwedeza anthu onse. Pa depoti yaikulu funsani tcheyamani wa pa siteji, iyeyo mawu ake amamveka kuposa anu.

Ngati nambala ya dalaivala sikupezeka, ganizani kutsogolo kwa galimoto. Yolowera ku Lilongwe ikadutsa pa toll gate ya Kalinyeke, Chimbiya, Linthipe, Nathenje. Yolowera kummwera ikadutsa pa Kampepuza ndi pa toll gate ya Chingeni kenako ikhotere ku Balaka kapena ipitirire ku Zalewa. Muli ndi m'bale kapena mnzanu pa malo amodzi mwa amenewa? Muimbireni akaime pa siteji ndi nambala ya galimoto. Minibasi imaima paliponse kusaka anthu, ndiye munthu wokhala kutsogolo amaipeza mosavuta kuposa inu woithamangitsa kumbuyo.

Za kutenga njinga yamoto kuti muithamangitse, ine sindilimbikitsa. Makhotakhota a pa msewu uno ndi ma thiraki aja, komanso nthawi ya chifunga ku Dedza, mwendo ndi wodula kuposa itel. Chomwe chimagwira ntchito nchoti minibasi zambiri zimabwerera njira yomweyo tsiku lomwelo kapena mawa lake, mugwirizane ndi kondakitala kuti adzaisiye kwa ajenti uja munabwereka foni.

Konzani kangachepe ka anyamata okuthandizaniwo, koma kaperekeni foni ikafika m'manja.

Sitepe 5: Isakeni pa intaneti

Iyi ndi ya mafoni a tachi okha. Pa foni ya munthu wina yomwe ili ndi bando, tsegulani google.com/android/find nkulowa ndi Gmail yanu. Ngati ndi iPhone ndi icloud.com/find. Foni yanu ikakhala yoyaka, data ndi Location zili zoyatsa, muiona pa mapu. Muli zinthu zitatu. Choyamba nkuiliza, ya Android imalira mphindi 5 mokweza ngakhale munaiika pa silent, ndipo izi muchite nthawi yomwe kondakitala ali pa laini galimoto itaima, aimva pomwe ili. Chachiwiri nkuitseka ndi kulemba uthenga ndi nambala pa sikirini. Chachitatu nkufufuta zonse.

Chachitatuchi musachikhudze msanga. Mukafufuta ndiye kuti pa mapu simuionanso, chisungeni mpaka mutatsimikiza kuti yapita basi.

Mapu akaonetsa kuti foni yasiya msewu ndipo yaima m'mudzi kapena m'nyumba ina, jambulani sikirini musunge, koma musatenge anyamata kukagogoda pakhomo la eni. Kadontho kaja sikalondola ndendende, kakhoza kuloza nyumba yoyandikana, mukanamizira munthu wosalakwa mlandu utembenukira kwa inu. Mukamaliza tulukani mu Gmail yanu pa foni yobwerekayo.

Sitepe 6: Tsekani ndalama

Apa ndi pofunika kuganiza bwino chifukwa pali zinthu ziwiri zokokana. Mukatseketsa laini nthawi yomweyo, foni siitananso ndipo data yake yafa, ndiye sitepe 3 ndi 5 zatha. Mukachedwa, wina akhoza kuyamba kuseweretsa laini yanu. Mmene ndimaonera ine, ngati foni ikuitana ndipo galimoto mwaipeza, dikirani. Koma ngati yathimitsidwa ndipo nthawi yapitapo ndithu dera la malire lija atadutsa, kapena wina wayankha nkudula kenako kuthima, kapena mukudziwa kuti PIN yanu ya Mpamba ndi chaka chanu chobadwa ndipo chiphaso chinali mu kava momwemo, musadikirenso.

Imbani ku kampani ya laini yanu, Airtel ndi 121, TNM ndi 105, pa foni ya netiweki yomweyo, auzeni kuti laini yatayika atseke pamodzi ndi Airtel Money kapena Mpamba. Adzakufunsani mafunso otsimikiza kuti ndinu mwini, dzina, chiphaso ndi zina za laini. Ngati laini ndi yolumikizidwa ku banki, monga Mo626 kapena ina iliyonse, imbaninso ku banki padera, kutseka laini sikutseka akaunti.

Kenako uzani abale. Tumizani uthenga pa gulu la banja, la ku tchalitchi, la banki mkhonde, kuti foni yatayika ndipo aliyense wopempha ndalama m'dzina lanu si inu. Ma meseji aja oti "ndili pa mavuto tumizani pa nambala iyi" amagwira kwambiri agogo ndi azakhali akumudzi, amenewo aimbireni ndithu osangolemba.

Sitepe 7: Bwezeretsani laini ndi WhatsApp

Pitani ku shopu ya kampani ndi chiphaso chanu akupangireni simu ina ya nambala yomweyo. Simu yatsopano ikayamba kugwira, yakale ija yafa. Ndalama za pa laini sizikhala mu simu, zili ku kampani, ndiye muzipeza, ingosinthani PIN.

Chenjezo: ngati laini inalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina, kaya amalume, kaya mkazi amene munasiyana naye, mudzafunika mwini chiphasoyo. Anthu ambiri amagwa apa. Ngati yanu ili choncho kaikonzeni panopa.

Ikani simu mu foni ina, tsegulani WhatsApp ndi nambala yanu, ibwera khodi ya manambala 6 pa meseji, mukangoilowetsa WhatsApp ya mu foni yotayika ija imatuluka yokha. Khodi imeneyo musapatse munthu aliyense, ngakhale woimba kuti ndi wa ku kampani. Sinthaninso pasiwedi ya Facebook ndi ya Gmail, koma ya Gmail muyambe mwamaliza zosaka pa mapu.

Sitepe 8: Kupolisi

Tsopano ndiye nthawi yake. Tengani IMEI, katoni kapena risiti, nambala ya galimoto, nthawi ndi malo, ndi zithunzi za mapu zija ngati zilipo. Kanenani ku polisi ya dera lomwe foni yatayikira. Apolisi ndi amene ali ndi njira yofunsira ku makampani a mafoni kuti foni ya IMEI imeneyo mwalowa laini yanji, inu panokha kampani singakuuzeni. Zimatenga nthawi, ndiye tengani dzina la wapolisi amene akuyendetsa nkhani yanu muzikafunsa. Chilichonse chomwe mwalipira pemphani risiti.

Nanga mu sitima?

Njanji imadutsa kwathu konkuno chakumunsi, ku Sharpevale, Golomoti ndi Mtakataka kulowera ku Salima, koma amene amakwera sitima ya anthu ambiri amakakwerera ku Balaka, yopita ku Limbe kapena ku Nayuchi kudzera pa Nkaya ndi Liwonde. Masitepe onse ali pamwambawa ndi omwewo, kusiyana kwake nkoti sitima ndi imodzi, simungaisokoneze ndi ina, ndipo siingakhote kuthawa njanji. Chomwe muyenera kusunga ndi tikiti ndi bogi yomwe munakwera, werengani kuti ndi yachingati kuchokera ku injini ndipo munakhala mbali iti. Mukazindikira mukadali mkati uzani ogwira ntchito mu sitimamo isanafike pa siteshoni yotsatira, anthu asanatsike. Mukazindikira mutatsika pitani ku ofesi ya pa siteshoni pomwepo, iwo amalumikizana ndi anzawo a kutsogolo.

Mu sitima foni zimatayika njira ziwiri makamaka. Ina ndi tulo, ulendo ndi wautali ndipo kugwedera kuja kumagonetsa, foni ili pamwendo nkutsetsereka kulowa pakati pa mitolo. Ina ndi pawindo, sitima ikaima ogulitsa nzimbe, nthochi ndi zitumbuwa amadzaza kunsi kwa mawindo, inu mwatulutsa mkono ndi foni kuti mujambule, ikagwa kapena wina akaitsomphola sitima itanyamuka ndiye kwatha, singaime chifukwa cha Tecno yanu. Ndipo musayerekeze kudumpha sitima ikuyenda. Mukapatsa munthu pawabanki kapena mukabwereka yake, foni ikhale m'manja mwanu, anthu amatsika ndi foni ya mnzawo ili pa chingwe, ena mwadala ena mosadziwa.

Ngati wotola ndinu

Musaithimitse. Isiyeni yoyaka, ikaitana yankhani, funsani woimbayo mtundu wa foni ndi chithunzi chomwe chili pa sikirini musanapereke. Mukaipereka kwa kondakitala perekani anthu akuona ndipo nenani mokweza, kapena kaisiyeni kupolisi. Kuisunga mwakachetechete nkuikamo laini yanu ndi kudziitanira mlandu, IMEI ija idzaloza inu.

Ndipo si mafoni okha. Funsani kondakitala aliyense zomwe amapeza madzulo posesa, akuuzani za ma chaja, hedifoni ya khutu limodzi, nsapato imodzi ya mwana, buku la ku sikelo, makiyi, mpaka nkhuku yomangidwa miyendo ili phee pansi pa mpando wakumbuyo mwini wake atatsika kalekale. Chofala kwambiri ndi kusinthana matumba, awiri mwagula mbatata pa Tsangano Turn-off matumba ofanana, wina kukamasula kunyumba apeza anyezi. Mangani kansanza ka chitenje pakamwa pa thumba lanu. Mafoninso amasinthika choncho, tima itel takuda tija timafanana tonse, ndiye kumata kastika kuseri sikulakwa.

Zolakwika zomwe anthu amabwerezabwereza

Kutumiza ndalama kwa munthu amene waimba kuti foni ali nayo koma akufuna ya transipoti kaye. Mukalemba pa Facebook kapena pa magulu a WhatsApp kuti mwataya foni, oimba oyamba amakhala amenewa. Mufunseni chinthu chomwe simunalembe, monga mtundu wa kava kapena pomwe sikirini inang'aluka, mumva akudula yekha. Wokhala nayodi mukumane masana pa malo a anthu, pafupi ndi polisi kapena pa depoti, ndipo musapite nokha.

Kusunga chiphaso, khadi ya ku banki ndi kapepala ka ma PIN kuseri kwa kava. Apa ndiye mwampatsa wotola zonse pamodzi.

Kunamizira amene munakhala naye pafupi popanda umboni. Mukazindikira mukadali m'galimoto, pemphani dalaivala aime, wina aimbe nambala yanu onse ali chete. Kuloza munthu chala pagulu kuti wakuba mukudziwa mmene zimathera kwathu kuno, anthu amayamba kumenya asanafunse, kenako foni ipezeka pansi pa mpando.

Kupita kwa anyamata a pa msika amene amati amatha kutiraka foni ndi IMEI mukawalipira. Chomwe angachite ndi chomwechija cha pa sitepe 5, chomwe mungachite nokha ulere.

Kugula foni yotchipa modabwitsa pa siteji kuti mulowetse m'malo mwa yotayikayo, yopanda katoni, yopanda risiti, wogulitsa akuyang'ana uku ndi uku. Imeneyo mwina ndi ya mnzanu amene akuisaka ndi IMEI ngati inu nomwe, ndipo apolisi akadzabwera adzapeza ili ndi inu. Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, imbani *#06# pomwepo mufananize ndi ya pa katoni, lembani dzina ndi nambala ya chiphaso ya wogulitsa, ndipo atulutse Gmail yake inu mukuona musanapereke ndalama.